Theka lomwe anandikhululukira

Ine kunenerera ndinabadwa nako. Kwathu ku Limbe sindinagulepo ngakhale chitenje pa mtengo woyamba, ndiye bambo wotolera ngongole atandiimbira foni ndili m'basi kuno kunja, mumzinda wa Hamilton, mumtima ndinati lero wakumana nazo.

Ngongoleyo inali ya foni. Bambo anga atamwalira ndinapita kumaliro, ndinakakhalitsa, kuno mabilu n'kumangounjikana. Pobwera ndinapeza kampani itaipereka kale kwa anthu otolera. Sindinakane, ngongole inali yanga ndithu. Koma ndalama zomwe ndinali nazo ndinkasungira nyumba. Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya kwa achemwali anga ali wamng'ono, mapepala ake obwerera kuno anali atatheka, ndipo sindikanamulandirira m'kachipinda kapansi komwe ndinkachita lendi, kopanda ndi zenera lomwe.

"Bambo, tsitsaniko, ndangochokera kumaliro," ndinatero kwa wotolera uja. Anatsitsa. Ndinadandaulanso, anatsitsanso, mpaka tinafika theka. Ndinalipira tsiku lomwelo, ndinamuthokoza mpaka kumudalitsa. Kwathu mwini ngongole akati "zotsalazo zisiyeni," nkhani yatha, mumagwirana chanza, mawa akukongozanso.

Nyumba ndinaipeza, ya zipinda ziwiri, pafupi ndi sukulu. Ndinaguliratu ndi bedi la mwana. Alandilodi anati ayambe aona malikisi anga. Kunotu aliyense ali ndi malikisi a mmene amabwezera ngongole, amati kirediti sikoo. Ndinati onani, ine ndilibe ngongole ndi munthu. Mawa lake anandikana.

Ndinathamangira ku banki. Mayi wa pa desiki anatembenuza kompyuta kuti ndione.

"Apa palembedwa kuti munagwirizana ndi otolera ngongole, osati munalipira yonse," anatero.

"Ndiye kusiyana kwake n'chiyani? Eni akewo anavomera!"

"Anavomera, inde. Koma wina akaona, amati munthu uyu sabweza zonse."

"Nanga ndikanapanda kulipira n'komwe?"

"Zikanaipa kuposa apa."

"Ndikanalipira yonse?"

"Dzina la otolera likanaonekabe, koma zikanakhalako bwino."

Aaa! Mutu unangoti balala. Kulipira mlandu, kusalipira mlandu, kukhululukiridwa nakonso mlandu. Ndinafunsa kuti amene amachonga malikisiwo amakhala kuti, ndikamufotokozere ndekha za maliro. Mayiyo anandiyang'ana mwachisoni, nati palibe munthu woti n'kumuonera, ndi makina, ndipo mawuwo amafufutika okha pakapita zaka. Zaka! Mwana akubwera mwezi wamawa.

Ndili pakhomo pa banki pomwepo ndinawaimbira otolera aja. Ndinati landirani theka lotsala lija, ndalama ndili nazo m'manja. Chibadwire ndinali ndisanachondererepo munthu kuti andikwezere mtengo. Bambo yemwe uja anayankha mwaulemu kuti akaunti inatsekedwa, palibe poti n'kuikapo ndalama, iwo ndi ine tilibe ngongole. Anandifuniranso tsiku labwino.

Mpaka lero sindimvetsa kuti ndinalakwira ndani. Ndinapsa mtima, koma wokalipira panalibe, ndiye ndinangolira pa siteji ya basi, mamina ndi misozi, anthu akundizemba ndi maso.

M'mawa mwake mwana anaimba pa vidiyo, akundionetsa chikwama atalongedza kale.

"Amayi, zenera la kuchipinda kwanga layang'ana kumsewu kapena kusukulu?"

Ndinatembenuza foni kuti asaone bedi lake, lili m'katoni, litatsamira khoma kumbuyo kwanga.