Nkhope ya Abambo pa Khoma la Shedi

Abambo anga ankayenda njira ziwiri, ndipo komboni yonse inkadziwa. Lamlungu ankavala jekete lakuda n'kunyamula mbale ya mgonero, pakuti anali mkulu wa mpingo. Kukagwa maliro a munthu wa gule ankasowa m'mamawa, amayi n'kumatiuza kuti apita kunkhuni. Masana chilombo cha nthenga chinkatulukira kuseri kwa mabalani a fodya chikutsimphina mwendo wamanzere, womwe abambo ankatsimphina. Palibe ankatsegula pakamwa, ndipo abusa ankangoyang'ana kumbali.

Pulazi lathu, famu yaikulu ya fodya, linali kufupi ndi Tengwe, kumpoto kwa Harare. Agogo athu anachoka ku Malawi wapansi, ndipo ife tinalibe mudzi wina wokatiikako. Choncho chuma chimene munthu ankasunga moyo wake wonse chinali maliro ake: adzakuimbira ndani, adzakunyamula ndani. Abambo ankanyada kuti iwo adzaperekezedwa kawiri, ndi kwaya komanso ndi ng'oma.

Patapita zaka boma litagawa pulazi kwa alimi atsopano, kunabwera anthu atatu ochokera ku Harare kudzajambula filimu ya anthu a m'makomboni. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ya papulazi, ndipo Chingerezi chinkandiyabwa pakamwa, ndiye ndinadzipereka kukhala womasulira. Gule sindinalowe, amayi anakana ndili mwana. Ndine ndinawatengera alendowo kwa akuluakulu a dambwe, malo obisika m'tchire kumene zilombo zimakonzekera, n'kuwatsimikizira kuti dziko likationa tingapeze zitupa za unzika. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sitinafunse kuti kalumoko kameta ndani.

Akuluakulu anavomera, koma anati makina awo ojambulira asafike kutchire. Anachita zinthu mwadongosolo ndithu. Anaimika munthu mmodzi m'mphepete mwa tchire, n'kutenga mlenje wina wa maso akuthwa kuposa onse, kumubweza cham'mbuyo pang'onopang'ono mpaka analephera kuzindikira kuti waima ukoyo ndani. Anawonjezerapo mapazi angapo, n'kulemba mzere ndi khasu. Alendowo analonjeza kuti sadumpha mzerewo, ndipo sanaudumphedi.

Tsiku la gule ndinaima pambali pa wojambulayo. Fumbi litachepa anatembenuzira kamera kutchire, n'kupotoza kachitsulo kena, ndipo pa kagalasi kake mitengo inabwera pafupi ngati ndingaigwire. Ndinaona abambo atakhala pachitsa, chigoba cha nthenga chili pamaondo, akumwa madzi m'botolo lakale la mafuta ophikira. Thukuta linkadula mizere m'matope a pachifuwa pawo. Ndikanati ndiletse, ndikanaulula kuti ine, munthu wosalowa gule, ndaona chosayenera kuona, ndipo chilango chake ndinkachiopa. Ndinadzinamiza kuti gawo limenelo adzalidula.

Filimu inabwera patatha chaka. Anaionetsa Lamlungu masana m'shedi yosankhiramo fodya, zitseko atatseka kuti mukhale mdima, jenereta ikulira kunja. Mpaka lero imandipsetsa mtima. Alendo aja tinawasekerera masiku asanu, tinawaphera nkhuku, koma m'filimumo palibe amene akuseka. Anasankha denga lodontha, ntchentche pamaso pa khanda, nkhalamba itagwira tsaya, pansi pake n'kuika nyimbo yonga ya pamaliro. Mayi wina anawafotokozera bwinobwino za ofesi imene imatibweza tikapita kukafuna zitupa. Mawu akewo anawataya, n'kusiya mapazi ake ong'ambika okha. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti anthu a m'tauni amakonda kutimvera chisoni, koma kutimvera zonena zathu kumawatopetsa. Mawu a Chingerezi ofotokoza filimuyo ankati ndife anthu opanda dziko amene agwiritsitsa zinsinsi zakale, ndipo kuti asonyeze kuti iwo chinsinsicho achifikira, anaika nkhope ya abambo. Inadzaza khoma lonse.

M'shedimo munali amayi, ana, ndi abusa pabenchi lakutsogolo. Akazi anaphimba ana kumaso ndi zitenje. Amayi anga anaweramitsa mutu. Chonsecho panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anaona chachilendo pakhomapo. Komboni inkakhala pamtendere chifukwa cha luso losaona chimene ukuchidziwa, ndipo kamera ilibe ulemu woterowo.

Abusa anabwera kunyumba Lachiwiri, chipewa chili m'manja.

"Baba, kale ndinkangomva," anatero. "Tsopano ndaona, nawo mpingo waona. Ndichite bwanji ine?"

Anawadula mumpingo. Akuluakulu a dambwe anatuma munthu mmodzi, amene sanakhale n'komwe pansi.

"Mdala, mwana wako ndiye anabweretsa anthu aja, ndipo nkhope imene akazi aona ndi yako. Njira ya kutchire uiiwale."

Abambo sanandikalipire. Tsiku lina tikupalira chimanga pa kamunda kathu anaima n'kutsamira khasu.

"Iwe, tsiku lija unaona?"

"Ndinaona, baba."

"Zvakaoma," anatero, kutanthauza kuti n'zovuta. "Ukanangonditsina khutu, mwanangu. Ndikanakhala kuseri kwa chulu."

Anamwalira patapita nyengo zitatu za mvula. Anthu anabwera, sindinganame, ena anathandiza kukumba manda. Koma kwaya sinavale yunifolomu, inangokhala pakati pa anthu wamba, ndipo kutchire sikunatuluke kanthu. Bokosi tinalinyamula ine, mlamu wanga ndi amuna awiri amene anangofika kumene papulazi, osadziwa nkhaniyo. Amayi anayambitsa nyimbo ya m'buku, akazi awiri anailandira, koma inafera pa ndime yachiwiri. Njira yonse yopita kumanda ndinkamva mapazi athu.

Filimu ija ikadalipo pa intaneti, ndipo ndimaida. Koma abambo sanajambulitsepo chithunzi, chifukwa chitupa chomwe chikanafuna chithunzi sanachipeze. Ndikawasowa ndimatsegula foni, ndimadumpha madenga ndi ntchentche zija, mpaka ndifike pamene akhala pachitsa, atopa, akumwa madzi mwamtendere, osadziwa kuti pali amene akuwayang'ana. Ndimabwereza pomwepo kangapo, manyazi akundigwira, chifukwa kwina kowaonera ndilibe.