Kadontho Kamene Anaona a Dorika

A Dorika Yafeti a ku Lalapanzi anatha zaka zambiri akusankha miyala ya kuromu pa milu ya dothi la mgodi. Anzawo ankati maso awo saphonya. Mwala wakuda wolemera ankauzindikira ngakhale utakutidwa ndi matope, mkono nʼkufika kale anzawo akadali kusuzumira.

Amuna awo, a Simoni, anali mphunzitsi wa sayansi. Atapuma pa ntchito analowa gulu la anthu odzipereka pa intaneti, othandiza akatswiri a zakuthambo. Akatswiriwo amatumiza zithunzi za malo amodzi akumwamba zojambulidwa masiku osiyana, iwe nʼkumafufuza kadontho kamene kasuntha pakati pa nyenyezi. Malipiro palibe. Chaka chisanathe, ngʼala inawaphimba maso a Simoni. Sanauze munthu kupatula akazi awo. Ntchito ija inagwera a Dorika, masana, akatunga madzi ndi kuchapa, magetsi akakhalapo. Dzina la pa kompyuta linakhalabe la a Simoni.

Tsiku lina a Dorika anaona kadontho kofooka pakona ya chithunzi.

"Limenelo ndi fumbi," anatero a Simoni. "Pitirirani."

A Dorika anapukuta galasi la kompyuta ndi nsonga ya chitenje. Kadontho kanalipobe. Anakachonga mwakachetechete.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri kunabwera uthenga. Kadontho kaja kanali chibuluma cha madzi oundana, kutali kupitirira pulaneti la Neputuni. Njira yake yozungulira dzuwa inali yopendekeka kwambiri, ndipo chinkayenda mobwerera, mosemphana ndi mapulaneti onse. Zotere zodziwika nʼzochepa. Akatswiri anapempha dzina la amene anachiona, kuti lilembedwe mu lipoti pofika Lachisanu.

A Simoni anasangalala mpaka anauza abusa. Lamlungu abusa analengeza kuti aphunzitsi athu atulukira chinthu kumwamba, tchalitchi chonse chinawomba mʼmanja. A Dorika anawomba nawo.

Lachinayi mwana wawo Chiedza anatsika minibasi ya kombi kuchokera ku Mtapa, kumene ankakhala, kudzathandiza kulemba fomu. Anakhala patebulo, nʼkuwerenga mokweza.

"Pano akufuna dzina limodzi. Baba, ndilembe Simoni Yafeti?"

"Nanga ulemba ndani?"

A Dorika anali ataima pakhomo ndi beseni la zovala zonyowa. Madzi ankadonthera pa mapazi awo. Anaganiza za mʼmanja muja, ndi za ophunzira akale amene ankaimba foni kuyamikira a Simoni. Akalankhula, mudzi wonse udziwa kuti amuna awo saona. Akakhala chete, basi, zatha.

"Chiedza, tawaonetsa bambo ako chithunzicho," anatero. "Akulozere kadonthoko."

"Mhamha, ndi chiyaninso?" Chiedza anafunsa mayi akewo.

"Ingowaonetsa."

A Simoni anaweramira pa galasi mpaka mphuno kutsala pangʼono kugunda. Chala chinayenda uku ndi uku, kenaka chinaima pa nyenyezi yaikulu yapakati. Chiedza anayangʼana bambo ake, nʼkuyangʼana mayi ake. Panja galimoto ya miyala inadutsa, mawindo nʼkugwedezeka.

"Amayi a Chiedza," anatero a Simoni motsitsa mawu, "mukufuna kundivula pamaso pa mwana?"

"Ayi, bambo. Ndakuvekani zaka makumi atatu. Koma kameneko ndinakaona ndine. Inu munati ndi fumbi."

A Simoni anavula magalasi, nʼkuwapinda pangʼonopangʼono.

"Lemba la amayi ako."

Chiedza analemba, nʼkutumiza msanga wina asanasinthe maganizo.

"Ndiye Lamlungu mukafotokoze nokha kutchalitchi," anatero a Simoni, nkhope itayangʼana kukhoma.

"Mukanena ndinu, poti munayamba ndinu," anayankha a Dorika. "Ndipo Lolemba tipita kuchipatala ku Gweru akakuoneni masowo."

Anatuluka ndi beseni lawo kukayanika zovala.