Tsiku Limene Agogo Anatula Ketulo

Fungo la polishi wofiira wapansi likandipeza, kaya ndi kuchipatala kaya kusukulu ya ana anga, ndimaona agogo anga a Amidu akutsika njinga pakhomo pathu mu komboni, mawondo a buluku lawo atafiira, manja akununkhira masamba a tiyi ndi sopo wobiriwira, utsi wa zitsononkho uli tolotolo pamadenga onse, ife ana tikuthamangira njingayo ngati yanyamula shuga. Sinkanyamula kanthu ayi. Agogo ankabwera ndi nkhani za khonsolo basi, ndipo tinkazimva ndithu, kufuna kusafuna.

Tinkakhala pa pulazi ina ya fodya, m'mbali mwa msewu wa tala wopita ku Chinhoyi, ku Zimbabwe. Agogo anachoka ku Malawi akadali mnyamata, ndipo anakalambira m'mabani ochiza fodya mpaka chifuwa chawo chinkalira ngati mvukuto. Pulazi itasintha eni ntchito inatha, iwo n'kupeza malo ku khonsolo ya katawuni koyandikana nafe, imene anzathu achishona ankaitcha kanzuru. Ntchito yake inali kusesa, kupolisha chipinda cha misonkhano ndi kuthira tiyi. Koma mukanawamva akulankhula mukanayesa ndi iwo ankayendetsa tawuni yonse.

Ankatifotokozera mmene lamulo limabadwira, ife titakhala pamphasa kusadzula nyemba. Ati limayambira m'komiti, kenako amalikhomera pa bolodi ya panja kuti wodandaula adandaule masiku oikika asanathe, kenako limabwerera ku khonsolo yonse, wina aliyambitse, wina alivomereze, manja akwere, mlembi alembe. Ndipo anali malamulo a zinthu zathu zomwezi, abale: mbuzi zoyendayenda pamsewu, malo owotchera chimanga, amene apatsidwe chilolezo cha chigayo. Ife tinkaseka kuti anthu akuluakulu ovala masuti angathe tsiku lathunthu kukangana za mbuzi. Agogo sankaseka nawo. Ankati, "Chimene sichinalowe m'maminitsi sichinachitike, ngakhale munachiona ndi maso."

Chimene chinkawagometsa kwambiri chinali lamulo lakuti khansala amene ali ndi gawo pa nkhani aimirire, anene poyera, atuluke mpaka anzake amalize. Anatiuza kangapo za khansala wina wa butchala amene anatuluka pokambirana zilolezo za nyama, kusiya tiyi wa mkaka akutentha patebulo. Munthu wokonda pakamwa ngati ameneyo kusiya tiyi! Agogo ankapukusa mutu ndi ulemu ngati aona mwezi wa Idi.

Amayi anga, mwana wawo wamkazi yekhayo, ankagulitsa tomato ndi maputi, chimanga chokazinga, pamsewu, dzuwa lili phwee pamutu, maso ali uku ndi uku kuopa apolisi a khonsolo. Ndiye pamene mbiri inamveka yakuti khonsolo ikufuna kumanga renki ya maminibasi otchedwa makombi ndi msika wa denga pafupi ndi komboni yathu, azimayi analuluta mpaka agalu kuthawa. Tsiku limenelo agogo anafika mochedwa, akukankha njinga, ndipo sanatiuze nkhani ina iliyonse. Popukuta tebulo anali ataona mapu ake. Malo a renkiyo anali pakati pa msewu ndi damu, ndipo pa mapupo panalembedwa kuti ndi tchire lopanda kanthu. Pamenepo ndi pamene panali manda athu.

Woyeza malo sanalakwe mwadala. Ife Asilamu a pa pulazi sitinkathira simenti pamanda, sitinkaika mwala wa dzina. Tinkaunjika dothi n'kuzika nthambi ya nkhadze kumutu ndi kumiyendo. Mvula inkaphwetsa mitumbira, nkhadze n'kukula kukhala thengo, moti munthu wochokera ku Harare ndi zida zake anangoti ndi mpanda wa khola lakale. Mu thengo limenelo munagona agogo aakazi, a Asiyatu, amene ine ndinatenga dzina lawo. Pambali pawo agogo anasiya malo a munthu mmodzi. Lachisanu lililonse akachoka ku msikiti ankakazulapo udzu, ndipo ankatiseketsa kuti imeneyo ndiyo sitandi, kapena kuti puloti, yawo yokhayo m'dziko la Zimbabwe.

Agogo anasonkhanitsa amuna anzawo pakhonde la msikiti n'kuwauza kuti njira ilipo: kalata ya dandaulo, maina alembedwe, ifike masiku asanathe. Amuna aja anangoweramira nsapato zawo. Ambiri zitupa zawo zinali zolembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira pomwepo, ena analibe n'komwe, ndipo pa pulazi tinakula ndi nzeru imodzi: dzina lako lisakafike ku ofesi. Mkulu wina anati dzina likalowa mu ofesi limatuluka ndi lole yosamutsa anthu. Agogo eni ake, pokhala wantchito wa khonsolo, anali atauzidwa kuti sangalembe kalata yotsutsa owalemba ntchito. Masiku anatha, kalata osalembedwa. Amayi ankafuna denga lija ndi mtima wonse, komanso ankalira kuseri kwa nyumba poganiza makombi akuponda pa mayi awo. Ine ndinali wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinkadana ndi aliyense: amuna amantha aja, khonsolo, ndi agogo omwe, chifukwa m'mawa uliwonse ankapitabe kukawapolishira pansi anthu amenewo.

Tsiku la khonsolo yonse linagwa pa holide, amayi n'kunditenga. Anthu wamba ankaloledwa kukhala pa mabenchi akumbuyo, bola pakamwa patsekedwe. Ndinali ndisanalowepo m'chipinda chotero. Pansi pankawala moti ndinaona mapazi anga awiriawiri, tebulo linali lopindika ngati nyanga, mazenera aatali, ndipo a Tcheya atalowa aliyense anaimirira popanda womuuza. Anayamba ndi pemphero, n'kuwerenga maminitsi akale, kenako za mapaipi ophulika, za mtengo wogwera pa waya wa magetsi, za munthu wopempha kutsegula malo owotcherera zitsulo. Aliyense wofuna kulankhula ankakweza dzanja ngati mwana wasukulu, ngakhale a imvi. Pakati pa zonsezi agogo ankayenda osamveka phazi, atavala jekete yoyera ndi kofiya yawo, akuthira tiyi kuchokera kudzanja lamanja la munthu aliyense. Palibe amene ankawayang'ana, ngakhale poti zikomo.

Mlembi atawerenga mutu wa renki ndi msika, anawonjeza kuti palibe dandaulo limene linalandiridwa. Amayi anandifinya dzanja mpaka zala kuwawa. Pamenepo agogo anatula ketulo pakona ya tebulo, anaongola jekete, n'kuima nji moyang'ana a Tcheya. Zaka zonsezo anali asanatsegulepo pakamwa m'chipindamo.

"A Tcheya," anatero m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chishona, "ndili ndi gawo pa nkhani iyi. Mkazi wanga wagona pa malo amenewo. Ndiye nditsate lamulo, ndituluke mpaka mumalize."

Anagwada pang'ono, anayenda mpaka kuchitseko, n'kuchitseka bwinobwino kuti chisalire.

Kenako khansala wina anaseka, nati lamulo limenelo ndi la makhansala, si la sekuru wa tiyi, kutanthauza agogo m'Chishona, ndipo masiku odandaula anatha kale. Sananame. Koma mayi wina, khansala wa dera la ku mgodi, anakweza dzanja n'kufunsa mlembi ngati mawu a sekuru alembedwa. Mlembi anayang'ana buku lake ngati lamulakwira. Dzanja lake linali litazolowera kulemba aliyense wonena kuti ali ndi gawo, ndiye linali litalemba kale, dzina ndi nthawi yomwe. Mayi uja anati popeza m'maminitsi a khonsolo tsopano muli munthu wogona pamalo amene mapu akuti palibe kanthu, nkhaniyo ibwerere ku komiti, akaone okha ndi maso. Wina anavomereza. Manja anakwera limodzilimodzi, ena mwaulesi, mpaka ndi la woseka uja. Kwa ine zinali ngati ndaona chitseko cha chitsulo chikutseguka ndi mawu atatu a munthu wothira tiyi: ndili ndi gawo.

Agogo tinawapeza panja pa benchi imene makhansala otuluka ankadikirirapo. Sanafunse ngati ntchito yawathera. Anangoyang'ana amayi n'kufunsa kuti, "Alemba?" Amayi atagwedeza mutu, agogo anadzuka kukatsuka makapu.

Komiti inabwera mvula yoyamba itagwa, nthawi imene dothi la pamanda limatitimira. Akazi sitilowa kumanda, ndiye ife tinaima pamsewu n'kumaonera patali. Agogo ankatsogola ndi chikwanje, akukankha nthambi za nkhadze mosamala kuti utomoni usagwere alendo m'maso, ndipo pa kadzenje kalikonse ankaima n'kutchula dzina, kwawo kwa munthuyo ku Malawi kapena ku Mozambiki, ndi ntchito imene ankagwira pa pulazi. Mawu awo ankatifika mwa apo ndi apo ndi mphepo. Amuna amantha aja anayamba kutuluka mmodzimmodzi m'komboni, aliyense kukaima pa wake. Woyeza malo anayenda uku ndi uku, n'kuona kuti maenje onse aloza mbali imodzi, mizere yowongoka kuposa zikhomo zake, popeza ife timagoneka munthu chakumanja nkhope italunjika ku Maka. Anavula chipewa, ndipo sanachivalenso mpaka anakwera galimoto.

Chigamulo chinabwera mwezi wotsatira. Renki ndi msika zinasamukira kutsidya kwa msewu, manda n'kutchingidwa ndi waya. Amayi anapeza tebulo lawo pansi pa denga. Koma m'chigamulo chomwecho munali mzere wina: popeza mandawo anali pafupi ndi msika ndi mjigo wake, atsekedwe, pasaikidwenso munthu, maliro onse azipita ku manda a khonsolo kuseri kwa tawuni. Agogo anali ataimanso ndi kutuluka pokambirana zimenezi, ndipo anazimvera kwa mlembi akutolera makapu.

Ine ndinakwiya mpaka kukana kudya. Ndinawafunsa, mwamwano ndithu, chifukwa chimene sakabwererako kukatula ketulo kachiwiri, popeza malo awo anali m'kati mwa waya, osasokoneza munthu. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu kutha, kenako anati walira mvula walira matope, ndipo iwo anadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti khonsolo ikaona manda pafupi ndi msika idzawatseka, chifukwa anali atamvapo nkhani yotere akuthira tiyi.

"Asiyatu, ndinapempha lamulo kuti liwatchingire agogo ako," anatero. "Ndikalumpha wayayo ine, mawa wina adzalumpha ndi kombi."

Anapitiriza kuzula udzu pa malo aja Lachisanu lililonse, podziwa kuti sadzagonapo.

Anamwalira ine nditakwatiwa kale. Amuna a ku msikiti, ana a amantha aja, anabwera kwa amayi n'kunena kuti akumbe mwakachetechete pambali pa a Asiyatu, palibe angadandaule, ngakhale khansala wa deralo anali atanena kuti adzayang'ana kumbali. Ine ndinagwada pamaso pa amayi kuwapempha kuti avomere. Amayi anakana, misozi ili mbwembwembwe, ati bambo awo, agogowo, anawalumbiritsa kuti asadzawaike m'kati mwa waya.

Ndiye anawanyamula pa jeneza, chonyamulira maliro chathu, pamapewa, kulunjika kuseri kwa tawuni, ndipo njira yake inkadutsa pakati pa renki ndi waya uja. Ine ndinaima pa tebulo la amayi pamsika. Azimayi onse anaimirira, Akhristu ndi Asilamu, n'kuphimba katundu wawo ndi nsalu. Oitanira makombi, anthu osadziwa kutseka pakamwa, anazimitsa mawailesi. Onyamula aja atafika pa waya anaima popanda wowauza, anatsitsa jeneza pa udzu moyang'anana ndi nkhadze ya agogo aakazi, n'kuchoka pang'ono ngati anthu osiyira banja mpata wolankhula. Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Kenako anawanyamulanso n'kupitirira nawo.

Lamulo limenelo sindinalikhululukire mpaka lero, ndipo sindibisa. Koma ana anga akandifunsa chifukwa chimene agogo aamuna ali kutsidya lina la tawuni, agogo aakazi kutsidya lina, sindiwauza kuti khonsolo inawalekanitsa. Ndimawauza kuti anali ndi malo amodzi okha m'dziko lino, ndipo anawapereka kuti mkazi wawo agone osapondedwa.