Awiri Mumtondo Umodzi

Mesenjala wa boma anafika m'mawa kudzanditenga, ndikuyamwitsa. Chinali chaka cha 1954, mvula isanagwe, phiri la Michesi lili mbuu ndi utsi wa lupsa. Sanagogode, poti chitseko chathu chinali cha mapesi. Anangoti, "Mwanayo msiyeni, mayi, mubwera posachedwa." Ndinamsiya m'manja mwa mlamu wanga asanayambe n'kukwawa komwe.

Mlandu unali woti kagulu kathu kopemphera kankaletsa anthu kukumba milambala imene boma linalamula m'minda. Zoona zake n'zoti tinkakana kugwira khasu tsiku la Sabata lokha. Aboma ankafuna dzina la mwini nyumba imene tinkasonkhanamo. Wondifunsayo sankakalipa. Ankayang'ana nsalu yanga itanyowa ndi mkaka pachifuwa, n'kunena kuti, "Dzina limodzi basi, mawa ukayamwitse." Tsiku lina anabwera ndi chikoti. Za tsiku limenelo ndingoti ndinagona chafufumimba kwa nthawi ndithu.

Ine ndine wa mtima wapachala chibadwire, ndipo m'chitokosi mutu unayamba kundisokonekera. Ndinkamva mwana akulira m'khoma. Ndinkaima, kukhala, kuimanso. Pemphero ndinkaliyamba koma osafika nalo pakati, chifukwa kwathu sindinapempherepo ndekha: wina ankatsogolera, ine n'kumavomera. Dzina lija linkangobwera pamlomo, ndipo ndinkachita mantha kuti tsiku lina lidzangotuluka.

Ife akaidi aakazi ankatisinjitsa chimanga, awiri mumtondo umodzi. Ine anandiphatikiza ndi mayi wina wachikulire wachisilamu, wogulitsa mchere ku Migowi, womangidwa pa nkhani ya milambala yomweyo. Kusinja awiri kumafuna khutu: mnzako akatsitsa musi, iwe ukweze wako. Ine maganizo ali kwa mwana, misi inkangogundana, chimanga n'kumwazika. Mayiwo anandiseka kuti ndimasinja ngati mtondo unandilanda mwamuna. Kenako anati, "Ine ndikatsitsa nditchula Mulungu mwa kwathu. Iwe ukatsitsa umtchule mwa kwanu. Usathamange, mwanawe, uzindidikira."

Iwo Allah, ine Muluku, monga ankanenera amayi anga m'Chilomwe. Ndiname ndikati mtima unakhala pansi; sunakhale. Koma pakati pa musi wawo ndi wanga panapezeka kampata koganizira, kamene m'chitokosi ndinalibe. M'kampata kameneko ndinaona chimene mkaka unkandibisira: mwini nyumba uja nayenso anali ndi ana, ndipo kumtchula kunali kuombola wanga ndi ake. Nditafuna kuwanong'oneza dzinalo kuti lindipepukire, mayiwo anakana. Anati nawonso ali ndi msana womva chikoti.

Mlamu wanga atandiyendera anandiuza kuti amayi a kagulu kathu amene anali ndi makanda akuyamwitsa mwana wanga mosinthana, chinthu chimene kwathu sichichitika wamba. Nsanje inandigwira kaye, kuthokoza kunabwera pambuyo. Kuyambira pamenepo wondifunsa uja ankandipeza ndili munthu wina, wosaopsezekanso ndi za mwana.

Ananditulutsa chimanga chitauma m'munda. Msilikali anangoti, "Dzipita, ukutithera ufa." Mayi wa mchere ndinawasiya akusinja ndi wina, ndipo sindinawaonenso.

Kumudzi ndinapeza mwana akuyenda. Atandiona anakuwa, n'kukabisala m'nsalu ya mayi wina. Zinandipweteka kuposa chikoti. Njira yonse ufulu ndinkauyesa kutenga mwana wanga n'kutseka chitseko, ndiye ndinadzambatuka kuti ndimtsomphole. Amayi a kagulu kathu aja anandigwira mkono, n'kundikhazika kumapeto kwa mphasa. Iwo anakhala mondondozana n'kuyamba nyimbo. Mwana ankampatsirana miyendo ndi miyendo, pang'onopang'ono, aliyense kumsewereza kaye, ine manja akundiyabwa, ndikuvomera nyimbo.

Anafika pa ine osazindikira. Anandiyang'ana, n'kukoka nsalu kufuna bere, koma mkaka unali utauma kalekale. Atayamba kulira ndinampereka ndi manja anga kwa mayi wa pambali panga, ndipo ndinamgwira kaphazi mpaka anakhuta.