Kukwera Phiri la Zomba Kukajambula Ndege ya Tadala

Ndinanyamuka ku Matawale Loweruka m'mawa, kamera ili pakhosi. Anthu onse ankathamangira kubwalo la ndege, ine ndekha ndikulowera kwina. Tsikulo ndege zing'onozing'ono zinkaonetsa masewera mumlengalenga, ndipo yofiira ankayendetsa ndi mwana wanga Tadala. Mayi ake anakanitsitsa kukaonerera.

"Mtima wanga sungapirire," anatero. "Mungondibweretsera chithunzi chimodzi choonetsa nkhope yake."

Nkhope! Ine ndimajambula maukwati, ndipo mkwatibwi ukamuuza kuti aime, amaima. Ndege ukaijambula uli pansi umangopeza mimba yake. Tsono poti Tadala ananena kuti adzadutsa m'mbali mwa phiri, ndinaganiza zokamudikirira pamwamba pomwepo kuti tikaonane maso ndi maso.

Pa depoti m'tauni ndinakankhira mandasi awiri ndi tiyi, kenako ndinagwirizana ndi wanjinga yamoto pa K8,000.

"Madala, ndege zili kumusi, inu mukupita kumtunda?" anafunsa akuseka.

"Achimwene, yendetsani. Mafuta ndalipira ine."

Msewu wa kuphiri ndi wokhotakhota ngati matumbo a nkhuku. Tinakumana ndi azibambo akutsika ndi njinga zodzaza nkhuni, mapazi akukwekwesa pansi m'malo mwa mabuleki. Ogulitsa masitiroberi ankatitchingira ndi timadengu tawo, koma ine njala inali itathawa.

Cha m'ma teni koloko tinafika pamalo poonera tauni, ndipo ndinapeza chifunga chokhachokha. Ngakhale nsonga ya nsapato yanga ndinkachita kuifunafuna. Kumusi ndege zinayamba kulira, ine ndikungomva ndi makutu. Ndinakwiya kwambiri, ndipo ndinalitukwana phirilo chamumtima. Bambo wina wachisilamu wogulitsa miyala yonyezimira anandisunthira pabenchi pake.

"Khalani pansi, bwana. Mulungu akalola chichoka."

Sindinakhale. Ndinaima kamera ili kumaso mpaka mikono inachita dzanzi. Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, mphepo inang'amba chifungacho, ndipo Zomba yense anaonekera pansi: malata, mzikiti, msika, mtsinje wa Likangala. Pomwepo ndege yofiira inatulukira chakumanzere, molingana ndi maso anga. Itafika pafupi inagubuduka n'kugona chagada, matayala kumwamba, mutu wa mwana wanga ukuloza pansi. Ndinadina kamera, kudina, kudinanso.

Zithunzi zambiri zinatuluka utsi wokhawokha. Chimodzi chokha ndicho chinagwira: chipewa, magalasi ndi chibwano chija anatengera kwa ine, tauni ikuoneka pansi.

"Ameneyu ndi mwana wanga!" ndinakuwa.

"Mnyamata wolimba mtima," anatero bambo aja.

"Mtsikana, bambo! Mtsikana!"

Anavula kachipewa kawo, n'kukavalanso, kenako anandigwira chanza ndi manja awiri. Potsika ndinaonetsa chithunzicho kwa wanjinga, kwa amayi a masitiroberi, ngakhale kwa amene sanandifunse. Kunyada kwake ndinalibe nako manyazi. Ulendowu unandiphunzitsa kuti mwana akakwera, kholo nalonso likwere, apo ayi lizingomumva ndi makutu.

Madzulo ndinapeza mayi a Tadala ali pakhonde. Anayang'anitsitsa chithunzicho, kenako anatembenuza kamera mpaka ndege inawongoka, tauni n'kulendewera kumwamba.

"Mwazondotsa Zomba," ndinatero.

"Zomba azondoke," anayankha akupukuta misozi. "Bola mwana wanga wakhala bwino."