Moto wa kwa a Joakina

Ndikakumbukira agogo anga a Nachisale, ndimamva fungo la mapesi a mapira akunyeka paphale, ndipo ndimawaona akudutsa pabwalo m'mudzi mwathu ku Tengani m'mamawa, dzanja lina litatchinga makala kuti mphepo ya ku Shire isawazimitse. Masiku amenewo machesi anali osowa. Moto ukazima, munthu ankakapala kwa mnzake.

Kuseri kwa khola lathu kunkakhala a Joakina, mayi wa Chisena wothawa nkhondo kutsidya, Mkatolika woyenda ndi korona m'khosi. Sankavuta munthu. Koma chaka china kutchalitchi kwathu kunafika mlaliki wa panjinga, wa mawu otsekemera ngati nzimbe. Ine anthu otere ndimawayang'ana kawiri. Analalikira kuti Aroma amapembedza mafano, korona ndi chithumwa, ndipo obwerawa adzatilanda madimba. Pomaliza analamula kuti aliyense wopala moto kunyumba ya Mroma adulidwe mumpingo.

Mudzi unamvera. A Joakina akafika pachitsime, amayi ankasuntha mitsuko. Ana tinkathawa njira yawo.

Agogo anali mtsogoleri wa amayi mumpingo, okhala kutsogolo, oyambitsa nyimbo, ndipo udindowo ankaukonda kwambiri. Sanatsutse kanthu. Kungoti madzulo aliwonse anayamba kuthira madzi pamoto wawo, moto umene kale sunkazima mpaka theka la mudzi linkapala kwa iwo. Kukacha ankatenga phale, ulendo wa kwa a Joakina. Ndinkamva a Joakina akuwachonderera kuti asadziputire mavuto, agogo n'kumangoti, «Mayi, ndipatseni moto, ana ali ndi njala.» Kenaka anzawo a mumpingo ankabwera kudzapala kwathu monga mwa masiku onse, osafunsa.

Nkhani inamveka. Mlaliki atabweranso, anadya nkhuku kwa akulu a mpingo, n'kuitanitsa agogo pansi pa mtondo. Anawafunsa ngati zinali zoona. Agogo anagwada mwaulemu, navomera.

«Abusa, nkhukuyo inakoma?»

Iye anati inakoma.

«Moto wake anapala kwa ine, ine ndinapala kwa a Joakina. Mudzi wonse ukudya za moto umenewu chikololereni mapira. Mundionetse amene watupa mimba.»

Wina anaseka, n'kubisa nkhope m'chitenje. Koma musaganize kuti choonadi chimapulumutsa munthu. Agogo anadulidwa ndithu. M'tchalitchi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, nyimbo akuyambitsa ena, ndipo tsiku lina ndinawaona akupukuta misozi kumunda wa thonje. Pa udindo wawo sanabwererenso. Chimene chinasintha n'chakuti mitsuko inaleka kusuntha pachitsime, ndipo a Joakina atamwalira, amayi a mumpingo wathu anapita ndi ufa ndi nkhuni kumaliro.

Lero ndine gogo, ndipo sindikhulupirira munthu, kaya wavala kolala kaya jekete. Adzukulu anga amanditsegulira maulaliki a pafoni, onena za mpingo uwu, za mtundu uwo. Ndimawauza kuti azimitse, kenaka ndimawafunsa ngati wolankhulayo analowapo m'nyumba ya anthu akuwanenawo. Amati agogo ndinu ovuta. Mwina. Machesi ndili nawo, koma mwana wa mnansi aliyense akabwera ndi phale, sindimufunsa kumene amapemphera.