Kuseri kwa nyumba yanga kuli malo

Sabata yoyamba pamalo anga atsopano kuboma la Chitipa ndinazula bikoni. Ndinkalambula udzu, khasu n'kugunda kamwala ka simenti kokhala ndi kachitsulo pakati. Ndinati ndi zotsala za amisiri, ndiye ndinakakumba bwinobwino n'kukakaika kubafa kuti tizikwechapo mapazi. Patapita masiku anayi oyeza malo anabwera kudzayeza poloti yoyandikana ndi yanga. Anafunafuna chizindikiro cha malire, mpaka anakachipeza chili ndi thovu la sopo. Wamkulu wawo analoza zilembo zimene zinali pamwalapo n'kundifunsa ngati ndimatha kuwerenga. Ine, amene ndinalekeza sitandade sikisi koma sindilola ngakhale nyuzi yokulungira usipa kundidutsa osaiwerenga! Ndinangoti, "Pang'ono, bwana."

Kwathu ndi ku Kaseye. Ntchito yanga yokonza njinga itayamba kuyenda kuboma kuno, munda ndinasiyira mng'ono wanga, ine n'kupeza malo a lizi, obwereka kuboma. Chinandikopa ndi pepala. Kumudzi ndinaona anthu apachibale akusiya kupatsana moni chifukwa cha mzere umodzi wa chimanga. Kuno palibe msuweni angabwere ndi nkhani yakuti agogo ake analimapo. Ndipo ndisaname, zaka zonsezi palibe wandisuntha. Msonkho wa malo ndikapereka, ndimagona tulo.

Pepalalo ndinaliwerenga ndi dikishonale yanga yothothoka chikuto. Nditafika pamene analemba kuti lizi ndi ya zaka naintenaini ndinasangalala kwambiri, moti ndime zapansi ndinangozidumphadumpha. Chingerezi chake chinali cholimba, ndipo nsapato zabwino zinali zitavalidwa kale kuti ndikasaine.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anabwerako ku Wenya ndi ana ake awiri, mwamuna wake atamwalira. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri. Adzukulu ankagona pabalaza, miyendo pansi pa tebulo. Koma kuseri kuli malo, pamene mayi akunyumba amadzala mpiru. Ndinachita mmene bambo anga anandichitira: ndinayeza ndi mapazi, ndinakhoma zikhomo zinayi, n'kumuuza kuti, "Apa ndi pako, mama. Umange." Analira, kenaka anaseka. Tinaumba njerwa tonse, tinawotcha.

Ndinafuna kuti chigawocho chilembedwe m'dzina lake, kuti ine ndikadzatsikira kuli chete alongo ake asadzamuvute. Kuofesi ya za malo kalaliki, mayi waulemu ndithu, anatembenuza pepala langa lomwe n'kuika chala pa ndime ina.

"Adada, apa munasaina kuti simudzagawa malowa popanda chilolezo. Ndipo mapulani anu ndi a nyumba imodzi."

"Koma ndi mwana wanga."

"Ndamva, adada. Koma malowo mwini wake ndi boma. Inu anakubwerekani."

Ndinapempha chilolezocho. Ndinapalasa njinga kupita kuofesiko mpaka alonda anayamba kundifunsa za kunyumba. Yankho litabwera linali lakuti poloti ndi yaing'ono, singadulidwe pawiri. Anthu ena anati ingomangani, ambiri akutero. Koma ine tsopano ndinali nditawerenga ndime zonse, kawiri, ndipo ndinadziwa kuti ndikaphwanya pangano ndikhoza kutaya ndi nyumba yomwe ndikugonamo. Kuwerenga kwanga kunabwera mochedwa, n'kubwera ndi mantha okhaokha.

Ndinaganizako zobwerera ku Kaseye. Ndinapita kukaona. Pamunda paja ana a mng'ono wanga anamangapo nyumba zitatu, ndipo anandilandira bwino, ngati mlendo, ndi mpando ndi nkhuku. Sindinayambe n'komwe nkhaniyo.

Mvula itayandikira, mwana wanga anapeza kachipinda ka lendi pafupi ndi msika, kumene amagulitsa tomato. Katundu wake ndinamunyamulira ndekha panjinga, maulendo atatu. Sanadandaule. Anangoti, "Adada, njerwazo muziphimbe."

Tsiku lomwelo neba wanga, bambo wa ku Mulanje wogwira ntchito kuchipata cha malire, naye ankapakira katundu mulole, atamusamutsira ku Mwanza. Anandipeza ndikuyala pulasitiki pa uvuni wa njerwa uja, n'kugwira mbali ina kuti mphepo isaulutse.

"Achimwene," anatero, "zaka zonsezi ndinkakusirirani kuti inu muli panu. Kani tonse tili pa lendi. Koma ine bola, ndikakwiya ndimakweza mabedi mulole."